Dalaivala wa Buledi Atasiya Buledi

Pa kampani yophika buledi ija panali madalaivala asanu ndi awiri, koma amene aliyense ankawadziwa, kuyambira mlonda wa pageti mpaka amayi osesa mu ofesi, anali a Gudumu. Dzinali silinachokere kwa makolo. Linachokera pamimba. Anzawo ankati a Gudumu akagwa pamtunda palibe chifukwa chovutikira kuwadzutsa, mungowakankha pang'ono, akafika okha kumunsi.

Iwo sankakwiya nazo. Anali munthu wosekerera, ndipo ntchito yawo ankaidziwa. M'mawa uliwonse ankapakira makireti a buledi wotentha mu vani yoyera, n'kumazungulira m'magolosale, m'malesitilanti ndi m'sukulu zogonera komweko mpaka dzuwa litapendeka. Pa kampanipo panali lamulo lachifundo lakuti lofu ikaphwanyika panjira, dalaivala atha kuidya m'malo moitaya. Mu vani ya a Gudumu malofu ankaphwanyika modabwitsa. Ena ankaphwanyika galimoto isanatuluke n'komwe pageti. Pansi pa mpando ankasungapo kachitini ka majarini ndi botolo la chakumwa chotsekemera, ndipo pofika masana malofu awiri amakhala atalowa kale, yachitatu ili m'njira.

Tsiku lina Lolemba kampani inabweretsa nesi woti ayeze madalaivala onse. Nesiyo anakhala m'kachipinda kosungiramo mayunifolomu, ali ndi sikelo, zoyezera magazi, ndi nkhope ya munthu amene waona zambiri. A Gudumu anavula nsapato, anatulutsa makiyi ndi foni m'thumba, anavulanso chipewa, n'kukwera pa sikelo mwaulemu ngati akulowa m'tchalitchi. Muvi unathamanga n'kukaima pa makilo 128.

"Sikelo yanuyi ili bwinobwino, anesi?"

"Inali bwinobwino musanakwerepo," anayankha nesiyo akulemba. Atawayeza zina zonse anavula magalasi. "Bambo, tamverani. Magazi anu akuthamanga ngati akuthawa galu. Shuga sanalowe m'nyumba, koma waima pakhonde, akuvula nsapato. Ndibweranso pakatha miyezi itatu. Ndikadzakupezani muli chonchi, ndidzalemba kalata yoti musagwirenso chiwongolero. Sindikufuna kudzamva kuti mwakomoka pamsewu, vani n'kukalowa m'nyumba ya munthu."

"Ndiye ndizidzagwira ntchito yanji?"

"Abwana anu akuti kuli malo komata mapepala pa matumba a buledi. Choimirira, tsiku lonse."

A Gudumu anatuluka ali ndi pepala la malangizo m'manja, mtima uli zii. Anali atakhala pa chiwongolero zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Kumata mapepala inali ntchito imene kampani inkapatsa munthu ikafuna kuti atope yekha achoke.

Atafika kunyumba anapeza mlamu wawo atakhala pampando wawo, akudya mpunga wawo. Mlamuyo anali mchimwene wa akazi awo, kalipentala wokhoma mabokosi a maliro, munthu woonda ngati msomali koma wodya za anthu atatu. Pepala la nesi analitsomphola lisanafike patebulo.

"Alamu," anatero atawerenga, akuwayeza ndi maso kuyambira m'mapewa mpaka m'chiuno, "ine nkhaniyi ndinaiona kalekale, kungoti ndimaopa achemwali. Ndikuuzeni zoona, lanu bokosi ine sindingakhome. Matabwa amene ndimagula ndi a anthu. Inu mukalankhule ndi opanga mawadiropu."

"Alamu, idyani mpunga muzipita."

"Palinso za onyamula. Amuna asanu ndi mmodzi sangathe. Tidzachita kubwereka vani yanu yomweyo."

Akazi awo sanaseke. Analanda pepalalo n'kuliwerenga ataima pakhomo la khitchini, milomo ikuyenda. Linkanena kuti a Gudumu asiye buledi, mpunga, supageti, mbatata, shuga ndi zakumwa zotsekemera. Azidya mazira, nyama, nsomba ndi masamba. Azinyamula zitsulo katatu pamlungu kuti thupi likamachepa pazichoka mafuta, minofu izitsala.

"Kuyambira mawa," anatero mayiwo.

"Mawa ndi Lachiwiri, mayi. Zinthu ngati izi zimayenda bwino munthu ukayamba pa wani mwezi."

"Kuyambira pano," anatero, n'kuchotsa mbale imene anali atawaikira kale n'kupatsa mchimwene wawo. Iye anailandira ndi manja awiri.

Vuto linali lakuti mayiwo sankadziwa kuchita chinthu mwatheka. Pamwamba pa malamulo a nesi anawonjezapo awo. Mafuta ophikira ayi. Mchere ayi. Nyama kachidutswa kofanana ndi bokosi la machesi. M'mawa dzira limodzi lowiritsa, lokhala lokhalokha pakati pa mbale ngati mwana wamasiye.

Za zitsulo anakonza ndi mlamu yemweyo. Kuseri kwa galaji imene ankakonzetsako kapikiapu kake kunali shedi ya malata imene anthu ankaitcha jimu. Pansi anayalapo mphira za matayala akale. Galasi lodziyang'anira linali long'aluka pakona. Zitsulo zina zinali zogula, zina zinali madiramu a mabuleki owotcherera ku ndodo zachitsulo, kulemera kwake atalembapo ndi penti yoyera. Mwini wake wa galaji ndi jimu yomwe anali Mayi Jeke, makaniko wamfupi wa imvi m'mbali mwa mutu, ovololo atamanga m'chiuno, mikono ngati ya munthu wina wamkulu imene anangobwereka. Anthu ankati dzinalo linabwera tsiku limene jeke inathyoka, iwo n'kunyamula okha mbali ya galimoto kuti mnzawo atuluke pansi. Eni ake ankati ndi bodza, inali njinga yamoto.

"Ndikufuna zochotsa mimba," anatero a Gudumu atapereka moni.

"Mimba imachotsedwa kukhitchini," anayankha Mayi Jeke akupukuta manja. "Kuno timamanga miyendo ndi msana zoti ziinyamule pamene ikuganiza zochoka. Tengani mtengo wa tsachewo."

"Tsache?"

"Muuike pamapewa. Khalani pa kireti iyo, mudzuke. Kakhumi."

A Gudumu anayang'ana anyamata awiri amene ankakankha zitsulo zazikulu kumbali, n'kuyang'ana mtengo wa tsache. Anafuna kunena kuti iwo ndi bambo wa ana anayi. Koma atanyonyomala kachisanu ndi chimodzi mawondo anayamba kulankhula, ndipo pofika kachisanu ndi chitatu thukuta linali litanyowetsa malaya mpaka m'thumba. Atatha anagona chagada pa mphira, akuona malata akuzungulira.

"Mwachita bwino," anatero Mayi Jeke. "Kwatsala kawiri kofanana ndi komweko."

Mawa lake a Gudumu anazindikira kuti chimbudzi cha kunyumba kwawo n'chachifupi kwambiri. Anatsikira pampando akugwira makoma onse awiri, akubuula, ndipo podzuka anachita kupemphera. Masitepe atatu a pakhonde anawatsika chammbali ngati nkhanu. Kuntchito anzawo anafunsa ngati awamenya. Iwo anati ndi nyamakazi.

Mlungu woyamba unali wa ku gehena. Mutu unkawawa kuyambira m'mawa. Miyendo inali ngati yathiridwa simenti. M'kamwa munkatuluka fungo lachilendo moti mwana wawo wamkazi anayamba kuwapatsa moni ali patali. Munthu amene sanakalipirepo wina pamsewu anayamba kuliza hutala ngakhale kwa agogo owoloka. Ndipo tsiku lonse kumbuyo kwawo, kuseri kwa kachitsulo kopyapyala, kunali malofu mazana anayi otentha, akupuma. Fungo linkalowa m'mphuno, m'malaya, m'maganizo. Akaima pa maloboti ankaona mitambo ikuoneka ngati mabanzi.

Anapirira masiku asanu ndi atatu. Lachisanu ndi chinayi, cha m'ma leveni koloko m'mawa, atatsitsa buledi pa golosale ina, manja awo anakhotetsa okha chiwongolero n'kukaimika vani kuseri kwa malo omwetsera mafuta, pafupi ndi mpanda, pomwe sipadutsa anthu. Anatsika, anayang'ana uku ndi uku ngati wakuba nkhuku, anatsegula chitseko chakumbuyo, anakwera, n'kuchikoka kuti asaonedwe. Chitseko chinati khethe. Iwo sanamve. Anali atang'amba kale pepala lokutira lofu.

Lofu yoyamba sanaitafune n'komwe bwino. Inali yofunda, yofewa pakati, ndipo misozi inalengeza m'maso mwawo. Yachiwiri anaidya mwaulemu, akuyamba ndi khungu la pamwamba. Ali pakati pake m'pamene anakumbukira kuti chogwirira chamkati cha chitsekocho chinathyoka chaka chatha, ndipo iwo omwe ndi amene anauza amakaniko a kampani kuti asavutike nacho, ndani angadzitsekere m'vani ya buledi?

Anakankha. Anamenya ndi phewa. Anaitana. Kunja kunali phokoso la jenereta basi. Mkati munali mdima ndi kutentha, ndipo buledi amene mphindi zisanu zapitazo ankanunkhira ngati kumwamba tsopano ankawatsamwitsa. Anakhala pa kireti n'kutulutsa foni. Kuimbira ku kampani kunali kudzichotsa ntchito. Kuimbira akazi awo kunali kudzipha. Kuimbira mlamu kunali koipa kuposa zonse ziwiri, chifukwa nkhaniyo ikanakambidwa mpaka kwa zidzukulu. Panatsala munthu mmodzi, ndipo galaji yake sinali kutali.

"Mayi, ndine Gudumu. Ndili ndi vuto la chitseko."

"Chatani chitseko?"

"Chatsekeka."

"Tsegulani."

"Ndili mkati."

"Mkati mwa chiyani?"

"Mwa buledi."

Mayi Jeke anafika pa njinga yamoto, sipanala ili m'thumba, koma sinafunike. Anangotembenuza chogwirira chakunja. Kuwala kutalowa anaona bambo wamkulu atakhala pakati pa makireti, thukuta lili chuchuchu, nyenyeswa pachifuwa ponse, theka la lofu lili m'manja.

"Inaphwanyika yokha," anatero a Gudumu.

Mayi Jeke anaseka mpaka anakhala pansi pafumbi. Anaseka mpaka wogulitsa mafuta anabwera kudzaona ngati pachitika ngozi. Atapuma anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kukhala pa sitepe ya vani.

"Tandiuzani. Dzulo munadya chiyani?"

A Gudumu anafotokoza. Dzira limodzi. Kabichi wowiritsa. Kachidutswa ka nkhuku kopanda khungu. Madzulo kabichi wina.

"Basi? Ndiye mukubwera kudzanyamula zitsulo zanga ndi kabichi wowiritsa? Galimoto mwaikhuthula mafuta, simunathiremo ena, ndiye mukudabwa kuti ikufera pamtunda? Akati siyani buledi ndi mpunga sakutanthauza kuti siyani kudya, bambo inu. Mazira atatu m'mawa. Nyama yooneka ndi maso. Nsomba, mapeyala, mtedza, masamba okazinga ndi mafuta ngati a anthu. Madzi muzimwa ambiri. Za mchere mukafunse anesi anu chifukwa cha magazi anuwo, ine si dokotala. Koma izi zodya ngati mbuzi yodwala zithe lero. Ndipo tsiku limene mwanyamula zitsulo, kagawo kamodzi ka buledi sikangakupheni." Analoza theka lija. "Kagawo. Osati icho."

"Kunyumba sangamve. Amayi akagwira lamulo sasiya."

Mayi Jeke anatenga pepala lolembapo katundu, analitembenuza, n'kulemba ndi cholembera cha a Gudumu: Mayi, munthuyu muzimudyetsa, akugwa ndi njala. Pansi pake anandandalika zakudya zija, n'kusaina kuti Jeke. Pakona panatsala chidindo cha chala cha girisi.

A Gudumu, munthu wosadziwa ngozi, anakapereka kalatayo kwa akazi awo ngati satifiketi. Za chitseko sanatchule. Mayiwo anawerenga kawiri, nkhope osasintha.

"Amene walemba izi ali ndi mwamuna wake?"

"Sindinafunse, mayi."

"Oho."

M'mawa mwake mazira analipo atatu, okazinga, ndi peyala pambali. Kungoti poto ndi mbale zinkalira kukhitchini ngati muli nkhondo.

Kuyambira pamenepo zinthu zinayamba kuyenda. Mutu unasiya kuwawa. Njala ija yoluma ngati galu inasanduka njala wamba yoti munthu n'kuiuza kuti idikire. Mtengo wa tsache unalowedwa m'malo ndi ndodo yachitsulo, ndodoyo inayamba kuvala madiramu. Anaphunzira kudzula chitsulo pansi msana uli wowongoka, kuchikankha m'mwamba, ndi kuyenda atanyamula mabatire awiri a lole kuchokera pageti mpaka pampopi. Sikelo ya ku jimu inkayenda mwaulesi, mlungu wina osasuntha n'komwe, ndipo tsiku lina a Gudumu anaitukwana pamaso pa anthu. Mayi Jeke anangowauza kuti afunse lamba wawo. Lamba anali atabwerera mabowo atatu, ndipo lachinayi anaboola okha ndi msomali. Makireti amene kale ankatsitsa imodziimodzi akupumira m'mwamba tsopano ankatsitsa atatu nthawi imodzi. Mu vani malofu anasiya kuphwanyika, moti woyang'anira katundu anayamikira boma chifukwa chokonza misewu.

Koma munthu akayamba kuona zala za kumapazi kwake patapita zaka khumi, mutu umasokonekera pang'ono. A Gudumu anagula vesiti yothina. Anayamba kudziyang'ana pa magalasi a masitolo, mimba atakokera mkati. Posamba ankaimba. Ndipo m'nyumba munalowa munthu wachitatu wosaoneka. Mayi Jeke akuti nsomba isapse kwambiri. Mayi Jeke akuti munthu azigona maola asanu ndi atatu. Mayi Jeke akuti mpando uwu ndi woipa pamsana. Akazi awo ankangoti "Oho," ndipo "oho" ameneyu ankafupika mlungu ndi mlungu. A Gudumu sanaone kanthu.

Miyezi itatu itakwana nesi anabweradi. Muvi unaima pa 116. Magazi anali atachepetsa liwiro, shuga atatsika. Nesiyo anati ulendo ukadalipo wautali, koma chiwongolero apitirize kugwira, adzaonanenso pakatha miyezi isanu ndi umodzi. A Gudumu anatuluka akuvina, anakumbatira mlonda, ndipo atafika kunyumba anaima pakati pa balaza manja ali m'mwamba.

"Mayi, ndapambana! Ntchito yapulumuka! Eee, koma Mayi Jeke aja, Mulungu awadalitse. Popanda iwo ine bwenzi ndikumata mapepala. Zonsezi ndi Mayi Jeke!"

Akazi awo anali atagwira mpeni, akudula kabichi wa tsiku la 90. Anauika pansi pang'onopang'ono.

"Zonse?"

"Zonse, mayi!"

Nthawi imeneyi ngakhale "oho" sanamveke.

Loweruka m'mawa a Gudumu anali ku jimu, akulimbana ndi chitsulo cha makilo 80 chimene anali asanachidzulepo pansi. Anayesa koyamba, chinangogwedezeka. Anayesa kachiwiri, chinakwera mpaka m'mawondo n'kubwerera, n'kugubuduka kukaima pakhomo penipeni pa shedi. Ali chiweramire akupuma, anamva nsapato za gogoda zikugogoda pa simenti ya galaji. Kuyenda kumeneko ankakudziwa. Atadzutsa mutu anaona akazi awo ataima kuseri kwa chitsulocho, atavala diresi ya ku ukwati, chikwama chili m'khwapa, nkhope ili ya munthu amene wabwera kudzatenga katundu wake.

"Ali kuti?"

"Ndani, mayi?"

"Musandifunse ndani. Mayi Jeke akuti, Mayi Jeke akuti. Lero ndabwera ndimve ndekha zimene akuti."

Anyamata aja anaika zitsulo pansi mwakachetechete kuti asaphonye kanthu. Kumapeto kwa shedi, pa benchi, Mayi Jeke anali akusenda dzira lowiritsa ndi zala zakuda ndi girisi, magalasi owerengera ali pamphuno, mwendo umodzi uli mu beseni la madzi otentha chifukwa cha chala chotupa.

"Ndine pano, mayi. Lowani."

Akazi a a Gudumu anayang'ana imvi, beseni ndi dzira. Zinkaoneka kuti m'mutu mwawo anabwera ndi chithunzi china, cha munthu wa tsitsi logula ndi zovala zothina, ndipo tsopano mawu amene anakonza m'njira yonse sankakwana pa munthu amene anali patsogolo pawo. Koma mkwiyo ukanyamuka kunyumba subwerera wopanda ntchito.

"Ndilowa bwanji mwatseka khomo ndi zitsulo zanu? Bambo, chotsani ichi."

"Mayi, chimenecho n'cholemera. Dikirani timasule kaye madiramu, ndi makilo eyite amenewo, ine ndemwe ndalephera ku—"

Mayiwo anaika chikwama pa tayala. Anavula gogoda n'kuziika bwinobwino pambali. Anakwinya diresi pang'ono, anawerama, anagwira ndodo ija ndi manja awiri monga munthu agwirira beseni, n'kuimirira nayo. Anayenda nayo masitepe awiri chammbali, anaitsitsa pafupi ndi khoma, n'kupukuta manja.

Dzira la Mayi Jeke linagwera mu beseni.

"Mayi," anatero Mayi Jeke akuvula magalasi, "mumagwira ntchito yanji?"

"Ndimachapa ku hotela. Nanga zikukukhudzani bwanji?"

"Zaka zingati?"

"Makumi awiri ndi ziwiri. Mabulangete onyowa, makatani, matawulo, kukwera nawo masitepe kukayanika padenga chifukwa makina oumitsira amafa mlungu uliwonse. Koma sindinabwerere zimenezo. Ndabwera kudzafunsa kuti inu ndi ndani woti muzindilembera kalata yondiphunzitsa kudyetsa mwamuna wanga."

"Kalatayo ndinalakwitsa, pepani. Ndikanabwera ndekha kudzalankhula nanu ngati mayi mnzanga. Koma za mwamuna wanuyu musade nkhawa. Ndili naye wanga kunyumba, wopuma ntchito, amandikwanira kunditopetsa. Uyu ndimangomuwerengera mpaka teni. Amene mwamuchepetsa ndi inu, ine poto wanu sindinamugwirepo." Anatulutsa mwendo mu beseni n'kuyandikira akutsimphina, akuyang'ana mikono ya mayiwo ngati makaniko amene waona injini yabwino m'galimoto yakale. "Tabwerezani. Koma pano msana muwongole, chifuwa patsogolo. Iwe, wonjezerapo faifi mbali iliyonse."

"Ine ndabwera kudzakangana."

"Tikangana mukatha. Gwirani apa."

Ananyamula 90. Diresi inang'ambika pang'ono m'khwapa, koma ananyamula. Anyamata aja anaimba m'manja, wina anaimba likhweru. A Gudumu anaima pakona mu vesiti yawo yothina, osadziwa ngati anyade kapena alire. Miyezi itatu ya thukuta, mazira ndi kubuula m'chimbudzi, ndiye munthu angobwera ndi diresi ya ku ukwati?

Pobwerera kunyumba anayenda limodzi, mayiwo gogoda zili m'manja chifukwa mapazi anakana kubwereramo. A Gudumu anawanyamulira chikwama. Atadutsa pamphambano anakonza kukhosi.

"Mayi, ndinalankhula mopusa tsiku lija. Mazira onse aja munkadzuka ndinu. Ana ankadandaula za kabichi, inu n'kumaphika miphika iwiri, wina wawo wina wanga, musanapite kuntchito. Ine osathokoza ngakhale kamodzi."

"Munathokoza. Munathokoza Mayi Jeke."

"Pepani."

Anayenda pang'ono.

"Ndinkaopa," anatero mayiwo osawayang'ana. "Tsiku lija la pepala, achimwene akuseka za bokosi, ine sindinagone. N'chifukwa chake ndinakumanani chakudya mopitirira. Ndinkati mukachepa msanga mukhala."

A Gudumu anangosamutsa chikwama kupita kudzanja lina n'kuwagwira pamkono, pamsewu, masana, zimene anali asanachite kuyambira ali pachibwenzi. Mkonowo unali wolimba ngati chitsulo, ndipo anadabwa kuti zaka zonsezi ankauona bwanji osauzindikira.

Lolemba madzulo, ataweruka, anapeza akazi awo atafika kale ku jimu. Anali atavala buluku la masewera la mwana wawo wamkulu, mpango atamanga kumutu, akukangana ndi Mayi Jeke za sopo wabwino wochotsera girisi ngati anthu odziwana kuyambira kusukulu. Chitsulo chimene a Gudumu ankati ndi chawo chinali chitatengedwa.

"Bambo, mwachedwa," anatero mayiwo akupaka choko m'manja. "Imani apo muzindiwerengera."

A Gudumu anaika chikwama pansi n'kuyamba kuwerenga mokweza. Wani, thu, fili. Mayiwo ankatsika ndi kukwera ngati akutola zovala pansi. Pofika pakati a Gudumu anaganiza zothandiza ulemu wa amuna onse a mu shedimo, nadumpha nambala imodzi kuti zithe msanga.

"Eyiti!"

"Seveni," anatero mayiwo chitsulo chili m'manja, osapuma n'komwe mwamphamvu. "Werengani bwino. Mukatha apa mukagule mazira, kunyumba atha. Tsopano odya tilipo awiri."